Magudumu a kaboni pa misewu ya Kasungu: zoyenera kuona musanatulutse ndalama

Aliyense wogulitsa magudumu a njinga a kaboni (ulusi wopepuka koma wolimba womatidwa ndi guluu) amayambira pa sikelo. Chithunzi chimaonetsa magudumu awiri atagonekedwa, nambala ya magalamu ikuwala, ndipo wogula amayamba kuwerengera pomwepo. Kwa munthu amene amapalasa njinga yothamanga pa M1 kuchoka pa boma la Kasungu kulowera ku Chinkhoma, Loweruka n'kukhotera m'misewu yafumbi ya ku Chulu kapena ku Chamama, nambala imeneyo ndiyo yomaliza kuiganizira. Pali zina zofunika kuziona kaye, ndipo zina mwa izo zikalakwika magudumuwo salowa n'komwe pa njinga yanu.

Tithane kaye ndi nkhani ya kulemerayi. Magudumu a aluminiyamu omwe amabwera ndi njinga zambiri za mtengo wapakati amalemera magalamu 1,800 mpaka 2,100 onse awiri, opanda matayala. A kaboni abwino amakhala pakati pa 1,300 ndi 1,550. Tinene kuti mwachotsa magalamu 500. Inu mukulemera makilogalamu 70, njinga 9, madzi ndi zida kilogalamu imodzi, zonse pamodzi 80. Theka la kilogalamu pa 80 ndi 0.6 peresenti basi. Pa chitunda choima chomwe mumakwera kwa mphindi 20, mwapindula masekondi 7 kapena 8. Botolo limodzi lodzaza madzi limalemera kuposa pamenepo. Komanso chitunda chotere mu Kasungu muno muchita kuchisakasaka, poti dziko lathu ndi lathyathyathya, zitunda zake zazitali koma zogona.

Ena amati galamu imodzi pa limu ndi yofanana ndi magalamu awiri pa felemu. Akunena zoona, koma pa nthawi yokhayo imene mukuwonjezera liwiro, chifukwa limu iyenera kupita patsogolo uku ikuzunguliranso. Mukafika pa liwiro lokhazikika, galamu ndi galamu kulikonse ili. Ngakhale ponyamuka penipenipo, magalamu 500 a pa limu amawonjezera pang'ono kupitirira 1 peresenti pa mphamvu yofunika. Miyendo imamvadi kusiyana pa mapalaso atatu oyamba, njinga imamveka yopepuka pansi panu, ndipo kukoma kumeneko si kwabodza. Kungoti sikusintha kwenikweni nthawi yomwe mufikire pa Santhe.

Chimene chimabweza wopalasa pa msewu wogona ndi mphepo. Mukadutsa makilomita 25 kapena 30 pa ola, mphamvu zanu zambiri zimathera poikankha, ndipo apa m'pamene kaboni amaposa aluminiyamu: amalola kuumba limu yakuya ndi yotakata popanda kuilemetsa. Malimu akuya mamilimita 30 mpaka 35 ndi a anthu okonda zitunda ndi misewu yoipa. A 40 mpaka 50 ndi apakati, oyenera ntchito zambiri. Kuyambira 60 ndi a mipikisano ya pa tala wosalala, ndipo bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga pa dziko lonse, linaika malire a mamilimita 65 pa mipikisano yonyamukira pamodzi kuyambira 2026. Limu yakuya imadula mphepo yochokera kutsogolo, koma yochokera m'mbali imaigwira ngati chitseko. Kuyambira June mpaka August mwera umawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, ndipo minda ya fodya ikakololedwa palibe chotchinga. Onjezani malole a mabelo opita ku Chinkhoma, omwe akamakudutsani amakukankhani kenako n'kukukokani. Gudumu lakutsogolo la mamilimita 60 limagwedeza handulo pa nthawi yomwe muli pa mphepete pa tala wodyeka, ndipo munthu wosakwana makilogalamu 60 amazimva kwambiri. Ife timaona kuti 35 mpaka 45 ndi pabwino kuno. Ngati mtima ukufunabe limu yakuya, ikhale yakumbuyo, chifukwa gudumu lakumbuyo silikhota. Onaninso maumbidwe ake: limu yozungulira kumimba imakhazikika m'mphepo kusiyana ndi zakale zosongoka ngati chilembo cha V.

Pali lamulo lina lomwe linachokera kwa Josh Poertner ali ku kampani ya Zipp, loti limu ikhale yotakata kunja kwake kuposa tayala ndi 5 peresenti kuti mphepo idutse bwino. Tayala likayezedwa n'kupezeka mamilimita 30, limu ikhale yosachepera 31.5. Mukaika tayala la gravel (la m'misewu yafumbi) la mamilimita 40 kapena 45, lamuloli lasweka kale, ndipo phindu la limu yakuya latsala lochepa. Amene njinga yake imakhalira m'fumbi asalipirire kuya.

Mabuleki ndiwo agamule kaye

Njinga zothamanga zambiri zomwe zimafika kuno za kaunjika ndi za mabuleki ogwira pa limu. Ngati yanu ili choncho, ganizani kawiri, ndipo mwina yankho ndi kugula magudumu abwino a aluminiyamu. Limu ya kaboni ndi ulusi wa kaboni woyalidwa m'magawo opyapyala, womatidwa ndi guluu wa epoxy n'kuwotchedwa m'chikombole. Guluuyo akatentha kupitirira muyeso wake amafewa. Aluminiyamu amamwaza kutentha mwachangu m'limu yonse, pomwe kaboni amakusunga pamalo pomwe labala ya buleki ikukhuda. Pa msewu wa ku Mchinji simudzaona vuto. Koma tsiku lomwe mwaganiza zotsetserekera kunyanja, kuchoka pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kukafika pafupifupi 500, mutagwirira mabuleki kwa mphindi zambiri dzuwa la October likuswa mtengo, khoma la limu likhoza kufewa pomwe mpweya wa m'tayala ukulikankhira kunja. Limatukumuka, buleki imayamba kugwira modukizadukiza, ndipo zikafika poipa tayala limavuka muli pa liwiro. Njira yopewera ndi kugwira buleki mwamphamvu kwa kanthawi n'kusiya, osati kuikhudzika njira yonse.

Mvula imabweretsa lake. Limu ya kaboni ikanyowa, gudumu limazungulira kamodzi kapena kawiri buleki isanayambe kugwira. Matope a katondo osakanikirana ndi mchenga akamatirira pa labala amapala khoma la limu, ndipo khoma likatha mwataya limu yonse. Malabala ake ndi apadera, sapezeka pa msika wa Kasungu, ndipo labala yomwe inagwirapo pa aluminiyamu musaibwezere pa kaboni chifukwa imakhala ndi tizitsulo tobisika mkati.

Njinga ya mabuleki a disiki ilibe mavuto onsewa, popeza kutentha ndi kupalika zimathera pa disiki. Zonse zotsatirazi zikukhudza makamaka njinga zotere.

Kodi alowa?

Magudumu a njinga zothamanga ndi za gravel ndi a saizi ya 700c, yomwe pa tayala imalembedwa 622, monga 28-622 kapena 40-622. Nambala yoyamba ndi kutakata kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu pamalo pomwe tayala limakhala. Samalani apa, chifukwa matayala ena a 700c amalembedwanso kuti 28 inchi, pomwe matayala a "28" a njinga zakuda za kabaza ndi 635. Kusiyana kwa mamilimita 13 kumeneko kukutanthauza kuti tayala la pa golosale silingagwire pa limu yanu ngakhale mutalikakamiza. Njinga zina za gravel zimalolanso saizi ya 650b, yomwe ndi 584, koma matayala ake ndi ovutirapo kupeza, ndiye sitingailimbikitse kuno.

Kenako ekiselo. Njinga za disiki zamakono zimagwiritsa ntchito ekiselo yolowetsa yomwe imadutsa m'foloko ndi m'habu (chapakati pa gudumu pomwe masipoko amayambira): mamilimita 12 kunenepa, 100 kutalika kutsogolo, 142 kumbuyo. Zakalepo zili ndi kachitsulo kopyapyala kotsekera ndi dzanja, 100 kutsogolo, kumbuyo 130 ngati ili ya buleki ya pa limu kapena 135 ngati ili ya disiki. Mahabu abwino amakhala ndi tizisoti ta kumapeto tosinthika, koma funsani musanalipire ndipo aike m'bokosi momwemo. Disiki imamangidwa m'njira ziwiri: Center Lock (ndi mphete imodzi yapakati) kapena mabauti 6. Habu ya Center Lock imalandira disiki ya mabauti 6 mukaika adaputala, koma habu ya mabauti 6 silandira disiki ya Center Lock.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa freehub, kachigawo ka habu yakumbuyo komwe kaseti ya magiya imakhalapo. Freehub ya mtundu wa Shimano HG imalandira makaseti a Shimano a pa msewu ndi a SRAM a magiya 11 kutsika m'munsi; kaseti ya magiya 8, 9 kapena 10 imafuna kawashala ka mamilimita 1.85 kumbuyo kwake, apo ayi imagwedera ngakhale mutamanga bwanji. SRAM ya magiya 12 ya pa msewu imafuna XDR. Makaseti ena a Shimano GRX a magiya 12, oyambira pa giya ya mano 10, amafuna Micro Spline. Kampani ya Campagnolo ili ndi freehub yakeyake. Werengani magiya a njinga yanu, onani dzina lolembedwa pa kaseti, mutumize chithunzi kwa wogulitsa. Chotsekera kaseti chimamangidwa pa 40 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira).

Kutakata kwa mkati, ndi nkhani ya ndowe

Nambala yofunika kwambiri pa limu ndi kutakata kwake mkati, pakati pa makoma awiri. Kale inali mamilimita 15 kapena 17. Masiku ano ya pa tala ndi 21 mpaka 25, ya gravel 24 mpaka 27 kapena kuposera. Limu yotakata imatambasula tayala, makoma ake amaima mowongoka, ndipo mumatha kuchepetsa mpweya popanda tayala kupindika pokhota. Mpweya wochepa ndiwo umabweretsa kufewa pa tala wokhakhala ndi pa timabampu ta m'misewu yafumbi, ndipo tayala lomwe silikudumphadumpha limathamanga kuposa lolimba gwa. Pa misewu yathu phindu limeneli limaposa la magalamu aja kutalitali.

Koma tayala limakula pa limu yotakata. Lolembedwa 28 likhoza kufika 30 pa limu ya 23 kapena 25. Felemu yanu iyenera kusiya mpata wa mamilimita osachepera 4 mbali zonse, ndipo m'dzinja 6 ndi bwino, chifukwa matope omata pa tayala amapala penti kenako felemu yeniyeniyo. Yezani mpata pa foloko ndi kumbuyo kwa malo a mapedulo musanaitanitse kanthu. Amene akufuna magudumu amodzi a ntchito ziwiri, tala ndi fumbi, asankhe mkati mwa 23 mpaka 25: matayala a 30 kapena 32 a pa tala amakhala bwino, a 40 mpaka 45 a m'fumbi nawonso amakhala bwino.

Tsopano ndowe. Limu yachikhalire ili ndi kamlomo kopindikira mkati pamwamba pa khoma lililonse, komwe kamakola mkombero wa tayala. Malimu ambiri a kaboni amakono alibe kamlomoka, makoma ake ndi owongoka, ndipo amatchedwa hookless. Ndi osavuta kuumba, amapepukirapo, ndipo khoma lake lonenepa limapirira kumenyedwa ndi mwala. Koma tayala limagwira chifukwa choti mkombero wake ndi wothina ndendende komanso wosatamuka. Pachifukwachi pali malamulo atatu osakambirana. Mpweya usapitirire 5 bar, yomwe ndi 72.5 psi, pa geji ya pampu. Tayala likhale la tubeless (losafuna chubu) lomwe wopanga wake wavomereza kuti ndi la hookless, ngakhale mutaikamo chubu. Ndipo kutakata kugwirizane: muyeso wa ETRTO, bungwe la ku Ulaya loona za matayala ndi malimu, umati limu ya mamilimita 25 mkati isalandire tayala lochepera 29. Nkhaniyi inakula mu February 2024 pamene wopalasa njinga wa ku Belgium, Thomas De Gendt, anagwa pa mpikisano wa UAE Tour tayala la 28 litavuka pa limu ya hookless ya 25, ndipo UCI inayamba kuunikanso malimu amenewa.

Ganizirani tsono mmene zimakhalira kuno. Tayala lang'ambika m'mbali muli ku Nkhamenya, ndipo lomwe mnzanu akubwerekani kapena lomwe mwapeza ku Lilongwe ndi tayala wamba la 25. Pa limu ya ndowe mulivala, muika chubu, mufika kwanu. Pa hookless tayala limenelo ndi ngozi. Kapena mwapita pa malo omwetsera mafuta kukapopetsa, wothandiza wakanikiza kompulesa popanda kuyang'ana geji, ndipo tayala laling'ono ngati ili limadzaza m'masekondi awiri. Pa gravel yokhayokha, pomwe mpweya sufika ngakhale 45 psi, hookless ilibe vuto. Pa magudumu a ntchito ziwiri m'dziko lomwe matayala oyenera amachita kuitanitsa kunja, sankhani a ndowe. Magalamu 20 kapena 30 owonjezerawo musawadandaule.

Za mpweya, poyambira pabwino kwa munthu wa makilogalamu 70 ndi 55 mpaka 62 psi pa tayala la 30, ndi 30 mpaka 36 psi pa tayala la 40, kutsogolo kuchepereko ndi 2 kapena 3. Wolemera awonjezere. Mukamva limu ikugunda pansi pa dzenje, mpweya wachepa. Kuyeza ndi chala sikuthandiza pa manambala awa, gulani pampu ya geji.

Tubeless ndi yothandiza kwambiri m'dera la minga ya mthethe, chifukwa madzi omata omwe amathiridwa m'tayala amatseka tizibowo njinga ikuyenda. Thirani mamililita 30 mpaka 40 m'tayala la pa tala, 60 m'la gravel. M'nyengo yotentha madziwa amauma pakatha miyezi iwiri kapena itatu, choncho itanitsani botolo lalikulu pamodzi ndi magudumu, ndi tepi ya limu yotakata kuposa mkati mwa limu ndi mamilimita awiri. Valavu ikhale yaitali kuposa kuya kwa limu ndi mamilimita 15 kapena 20: limu ya 45 imafuna valavu ya 60. Chubu chapadera chonyamula m'thumba chikhalenso cha valavu yaitali chimodzimodzi, chifukwa chachifupi mutu wake sutuluka ndipo pampu siigwira. Bowo la limu ndi la valavu yopyapyala ya Presta. Wina akakuuzani kuti alikuze ndi dirilo kuti mulowe valavu ya galimoto, nyamulani gudumu lanu muzipita.

Masipoko ndi habu: apa ndi pomwe pali moyo wa gudumu

Njira yachidule yomwe opanga amapeputsira magudumu ndi kuchepetsa masipoko, kuwapyapyaza, kapena kuwapanga a kaboni. Pa buleki ya disiki, 24 kutsogolo ndi 24 kumbuyo ndi muyeso wamba. Munthu wopitirira makilogalamu 85, kapena wonyamula zikwama pa ulendo wautali, apemphe 28. Chifukwa chake n'chakuti sipoko imodzi ikaduka pa gudumu la masipoko 28 limu imangopotoka pang'ono ndipo mumafika kunyumba, pomwe pa gudumu la masipoko 20 okokedwa kwambiri tayala likhoza kuyamba kukhuda felemu nthawi yomweyo. Onaninso malire a kulemera omwe wopanga walemba. Ambiri amawerengera munthu, njinga ndi katundu pamodzi, ndipo magudumu opepukitsitsa ndiwo amakhala ndi malire otsika.

Masipoko a kaboni ndi opepuka ndi olimba pokoka, koma ndodo ikalowa pakati pawo amathyoka, ndipo olowa m'malo mwake amachokera kwa wopanga yekhayo. Mudikira milungu. A chitsulo alipo mitundu iwiri: opindika kumutu, otchedwa J-bend, ofanana ndi a njinga iliyonse, ndi owongoka omwe amafuna habu yawoyawo. Opindika kumutu ndiwo anzeru kuno, popeza pa ngozi sipoko wamba ya mamilimita 2 ya utali woyenera ikhoza kugwirizira. Masipoko ophwatalala monga Sapim CX-Ray kapena DT Swiss Aerolite ndi abwino kwambiri, koma pomanga nipo (kanati komangira sipoko pa limu) amafuna kogwirira kuti asapotoke. Mmisiri akangozungulitsa nipo sipoko n'kupotokera limodzi, imadzamasuka yokha mukakwera. Gudumu la disiki likhoza kukhala ndi utali wa masipoko wosiyana mbali iliyonse, kutanthauza mitundu mpaka inayi pa magudumu awiri. Pemphani awiriawiri a utali uliwonse, ndipo mulembe manambala ake penapake.

Manipo akhale oonekera kunja kwa limu. Ena amabisidwa mkati kuti mphepo idutse bwino, ndipo kuti muwongole limu pang'ono pokha muyenera kuvula tayala, kutaya madzi omata ndi kumatula tepi. Akhalenso a brass (mkuwa wachikasu), osati a aluminiyamu. Aluminiyamu akagundana ndi kaboni pali chinyezi amadyeka, amasanduka ufa woyera, ndipo pakatha madzinja awiri kapena atatu nipo imagwirana ndi sipoko kapena kuthyoka mutu. A brass amawonjezera magalamu pafupifupi 30 pa magudumu onse awiri.

Okonza njinga athu ndi aluso powongola limu ndi diso, koma anazolowera malimu a chitsulo a masipoko 36 kapena 40, omwe amapirira chilichonse. Limu ya kaboni ili ndi malire a kukoka, nthawi zambiri pafupifupi makilogalamu 120 pa sipoko, ndipo kupitirira apo nipo imang'amba bowo lake. Kaboni saponderezedwa ndi phazi kuti awongoke. Khalani pomwepo pamene akukonza, nipo izungulire kotala imodzi pa nthawi, ndipo povula tayala agwiritse ntchito zovulira za pulasitiki, osati sikuludiraiva kapena supuni.

Pa habu, funsani manambala a mabering'i. Ngati ndi wamba monga 6902, 6802 kapena 6803, mukhoza kuwapeza kwa ogulitsa mabering'i a makina m'mizinda. A saizi zachilendo amavuta. A ceramic ndi kutaya ndalama: phindu lake ndi laling'ono zedi, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi zotsekera zopepuka zomwe fumbi la September limadutsa mosavuta. Mkati mwa freehub muli mitundu iwiri ikuluikulu. Wina uli ndi timano tating'ono tokankhidwa ndi timasipuling'i, wina uli ndi mphete ziwiri za mano zoyang'anizana, monga za DT Swiss. Wa mphetewu umatseguka ndi manja, mumapukuta, kupaka girisi wopepuka pang'ono n'kutseka m'mphindi zisanu. Mphete za mano 36 zimagwira pa madigiri 10 aliwonse ndipo n'zokwanira. Za mano 54 zimagwira msanga koma mano ake ndi aang'ono, ndipo girisi akasakanikirana ndi fumbi zimayamba kuterereka. Girisi wolemera wa galimoto musaikemo, amamata mphetezo osagwirana bwino, ndipo phazi limapita pachabe mutaimirira pa mapedulo. Mukawoloka madzi ofika m'habu ku dambo, tsegulani muumitse tsiku lomwelo.

Mmene kaboni amafera

Aluminiyamu akamenya dzenje amabinyika ngati chitini, mumaona, nthawi zina n'kuwongola ndi sipanala. Kaboni amapirira nkhonya yaikulu kuposa pamenepo osasintha maonekedwe, koma malire ake akapitirira amang'aluka, ndipo mng'aluwo ukhoza kukhala mkati mwa magawo pomwe diso silifika. Mukagunda dzenje mwamphamvu mpaka kumva phokoso, vulani tayala kunyumba, pukutani limu, muyang'ane m'mphepete mwa khoma ndi kuzungulira mabowo a masipoko pa dzuwa. Gogodani pang'onopang'ono ndi kobiri kuzungulira limu yonse: pabwino pamalira mowala, pomwe magawo alekana pamalira mogontha. Tayala la tubeless lomwe layamba kuphwa usiku uliwonse popanda bowo looneka, kapena masipoko awiri oyandikana omwe amasuka okha, ndi zizindikiro zina. Limu yong'aluka pa khoma isakweredwenso. Guluu wa pa hardware sangabweze mphamvu ya ulusi woduka.

Magudumu ambiri amawonongeka asali pa msewu n'komwe. Pa minibasi, chingwe chimakokedwa kudutsa m'masipoko kapena pa limu, thumba la chimanga n'kusanjikidwa pamwamba. Limu inapangidwa kuti ipirire kulemera kochokera pansi, osati kufinyidwa m'mbali, ndipo makoma a limu yakuya ndi opyapyala moti ena amabonyezeka ndi chala. Chotsani magudumu muwanyamule m'manja. Kutentha nakonso: galimoto yotsekedwa pa dzuwa imakweza mpweya wa m'tayala, ndipo gudumu lolendewera pafupi ndi paipi ya utsi kumbuyo kwa galimoto limapsa guluu.

Kugula

Malimu ambiri a kaboni pa dziko lapansi amapangidwa ku China ndi ku Taiwan, ndipo mzinda wa Xiamen uli ndi makampani angapo ogulitsa mwachindunji kwa wokwera, monga Light Bicycle, Farsports ndi Winspace. Ubwino wa ena mwa iwo ndi woti mumasankha nokha: ndowe, chiwerengero cha mabowo, mtundu wa masipoko, manipo a brass, habu. Mtengo wawo umakhala pansi kwambiri poyerekeza ndi mayina ngati Zipp, Enve kapena Roval. Mayina akuluakuluwa amalonjeza kusinthira limu yosweka, koma werengani mawu ake bwino: lonjezolo kawirikawiri ndi la wogula woyamba wokhala ndi lisiti, ndipo kutumiza gudumu ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja ndi ndalama zanu. Powerengera mtengo onjezani kutumiza, msonkho wa MRA, matayala awiri, mavalavu, madzi omata, mwinanso madisiki ndi kaseti ngati mukufuna kumasinthana magudumu mwachangu. Ndalama zakunja zikuvuta chonchi, kulakwitsa freehub kumapweteka kawiri. Ngati ndalama sizikukwanira zonse, yambani ndi matayala abwino pa magudumu omwe muli nawo, chifukwa kusiyana kwa tayala lolimba lotsika mtengo ndi tayala lofewa labwino kumaposa kwa limu ya aluminiyamu ndi ya kaboni.

Opanda dzina lililonse, otsika mtengo modabwitsa, kapena omatidwa zilembo za kampani yotchuka pa mtengo wa theka la theka, asiyeni. Enieni amakhala ndi nambala yawo mkati mwa limu, pansi pa tepi kapena pafupi ndi bowo la valavu.

Ogwiritsidwapo kale ntchito, omwe amapezeka pa Facebook kapena kwa obwera nawo kuchokera ku South Africa, agulidwe tayala ndi tepi zitachotsedwa. Wogulitsa wokana zimenezi ali ndi chomwe akubisa. Chitani mayeso a kobiri aja, zungulitsani ekiselo ndi zala kuti mumve ngati mabering'i akukhakhala, finyani masipoko awiriawiri kuona ngati akokedwa mofanana mbali imodzi, ndipo yesani nipo imodzi ngati ikuzungulira. Pa a buleki ya pa limu, yendetsani chala pa khoma: likakhala lokumbika kapena lotupa penapake, latha.

Magudumu atsopano akafika, ikani kaye opanda tayala muone ngati akhala pakati pa foloko ndi felemu. Disiki ikamakhuda, masulani mabauti awiri a buleki, gwirani buleki, mangani muli chigwirire. Habu yatsopano ikhoza kusuntha kaseti ndi theka la milimita, choncho yesani magiya onse njinga itapachikidwa, makamaka yaikulu ya pafupi ndi masipoko, kuti tcheni isagwere m'masipoko n'kuwadula tsiku loyamba. Tayala la tubeless likapopedwa limafinya limu n'kumasula masipoko pang'ono, ndiye pakatha makilomita 200 kapena 300 oyamba afinyeninso onse, ndipo omasuka amangidwe tayala lili ndi mpweya womwe mumayendera.